Kaseti Yokanirira mu Wailesi ya Apongozi

Kuseri kwa nyumba yathu ya lendi ku Chawama, mu Lusaka, kuli kachipinda ka malata komwe eni nyumba amakatcha galaja. Galimoto sinalowemo chiyambire, ndipo ngakhale wilibala imalowa chammbali. M'menemo ndi momwe ndimathera Loweruka langa. Mkati mwa sabata ndimaphunzitsa ana a sukulu ya mkaka, koma Loweruka ndikachapa n'kuyanika, ndimalowa m'galaja n'kuyamba kumasula zinthu zakufa: simbi zamagetsi, mawotchi apakhoma, mawailesi omwe eni ake anawataya kalekale. Palibe anandiphunzitsa. Ndili mwana ku Matero ndinamasula wotchi ya bambo anga kuti ndione chimene chimalira m'kati. Anandikwapula, ndipo mawa lake ndinaimasulanso.

Mwamuna wanga ndi munthu wabwino. Ndayamba ndi mawu amenewa chifukwa zimene zikubwerazi sazikonda. Amagwira ntchito m'sitolo ya simenti ndi malata kutauni, ndipo msomali uliwonse amaudziwa dzina lake, koma mukamupatsa hamala, chotsani ana pafupi. Tsiku lina anati asinthe soketi ya pabalaza, ndipo tinagona mumdima pamodzi ndi aneba a nyumba zitatu.

Bodza linayamba ndi simbi ya mayi wina wa pafupi nafe. Ndinaikonza ine, koma pobwera kudzaitenga anapeza mwamuna wanga ali chilili pakhomo pa galaja atagwira sikuludiraiva yomwe ndinamupatsa kuti andigwirire.

"Kansi ba neba ndimwe ba injiniya," anatero mayiwo.

"Ah, ni tunthu tung'ono chabe," anayankha mwamuna wanga, nkhope ili gwa.

Ndinaseka mpaka nthiti kuwawa, ndipo nkhaniyo ndinaisiya choncho. Kunena zoona zinkandikomera. Ine ndinkagwira ntchito yanga mwamtendere popanda wondinena kuti ndine mkazi wotani wokonda mawaya, iye n'kumalandira zikomo. Sitinaganize kuti mbiri ya injiniyayo ingakwere basi mpaka kumudzi kwawo ku Katete.

Apongozi anga aamuna anabwera m'nyengo yozizira kudzaonetsa maso kuchipatala. Ndi munthu wachikale, wolankhula pang'ono, ndipo ine ndinkawalemekeza monga momwe alangizi anandiphunzitsira ndisanalowe m'banja. Mpongozi sukhala naye pafupi, sumuyang'ana kumaso, ndipo katundu wake sumugwiragwira. Ukapereka moni umagwada pakhomo. Ambiri m'tauni muno anazisiya zimenezi, koma ife tinkazisunga. Pa zaka khumi ndi chimodzi za banja langa, apongoziwo akafuna kundiuza kanthu ankadzera kwa mwana wawo, ngakhale ine ndili pomwepo.

Atapuma, anamasula mtolo womwe anaufungata ulendo wonse. Ine ndinali kukhitchini, makutu ali kubalaza. Munali wailesi yakale ya kaseti, yokulungidwa m'chitenje cha malemu apongozi anga aakazi.

"Mwana wanga, ndinamva kuti manja ako ndi odala," anatero. "M'katimu muli amako."

Anafotokoza bwinobwino. Kalekale amayi a kutchalitchi kwawo anajambula nyimbo zawo pa kaseti, ndipo wotsogolera nyimbozo anali malemuwo. Chimwalirireni, apongozi ankaiimba kasetiyo Lamlungu lililonse akaweruka kutchalitchi. Tsiku lina wailesi inangolira ngati yatsamwa, n'kuima, ndipo kachitseko ka kaseti kanakana kutseguka. Wokonza njinga wa kumudzi anafuna kukakanula ndi mpeni, iwo anakana. Kaseti ina yotere kunalibe kwina kulikonse, ndipo mawu a akazi awo sanatsale pa china chilichonse.

"Osadandaula, batate," anatero mwamuna wanga. "Ni kanthu kang'ono."

Mbale yomwe ndinkapukuta inangotsala pang'ono kundipulumuka.

Ine ndi mwamuna wanga tinapangana kuti ndiikonze ine apongozi akapita kuchipatala. Koma tsiku la chipatala litafika, anaikulunganso m'chitenje n'kukwera nayo minibasi. Anati amako sindiwasiya okha m'nyumba ya eni. Pogona ankaiika kumutu, posamba ankaisiya pakhomo pa bafa. Ndinauza mwamuna wanga kuti angoulula zinthu zisanafike poipa, mbewa ya manyazi inafera kuuna. Iye anati aulula mawa. Mawa lake anatinso mawa.

Loweruka m'mawa apongozi ananyamula mpando wawo ndi wailesi n'kulowa m'galaja.

"Tiye uyambe," anauza mwana wawo. "Ndione ndi maso angawa, poti adokotala awatsuka."

Mwamuna wanga anakhala pa benchi yanga, pakati pa zitini zanga za masikulu, ngati mlendo pa maliro a kwa eni. Ine ndinatenga beseni n'kukakhala kunja pansi pa zenera la galaja, n'kuyamba kutsuka mbale zotsukatsuka kale. Pasanapite nthawi anatuluka, akuti akamwe madzi.

"Nayamba kuti?" ananong'ona.

"Kumbuyo. Masikulu yali sikisi. Imozi yabisala mwamene mungena mabatire."

Analowa. Ndinamva sikulu imodzi ikugwa pansi n'kugubuduka, ndipo mtima wanga unagubuduka nayo. Kenaka anatulukanso, akuti foni ikulira m'nyumba. Zala zake zinali bii.

"Muli vinthu vakuda monga phula. Vanimata."

"Ni belti yasungunuka. Musagwire tepi na manja ayo, mwamvela? Musagwire chilichonse."

"Manje nizakonza bwanji osagwira?"

Funsolo linali lanzeru. Atatuluka kachitatu, akuti akupita kuchimbudzi, apongozi anamufunsa mwachifundo ngati m'mimba mwamuvuta. Anati kumudzi kuli muzu wina wothandiza kwambiri, akanadziwa akanabwera nawo. Ndinaluma chitenje kuti ndisaseke.

Kuseka kunatha nditasuzumira pazenera. Mwamuna wanga, poona kuti bambo ake akumuyang'anitsitsa ndipo iye sakuchita kanthu, anaganiza zoonetsa ukatswiri. Anatenga sikuludiraiva yaikulu n'kuilowetsa m'mphepete mwa kachitseko ka kaseti. Ine ndinkadziwa chomwe chinali kuseri kwa kachitsekoko. Wailesi ikatsamwa chotero, ndiye kuti tepi yakulungika pa kagudumu ka labala. Ukakanula mwamphamvu, kachitseko kamatuluka ndi kaseti, tepi n'kutsalira m'kati zidutswazidutswa. Fupa lokakamiza limaswa mphika, ndipo mphika wake unali umodzi wokhawo.

"Siyani!"

Sindikumbukira kuti ndinadzuka bwanji. Ndinangozindikira ndili chilili pakhomo pa galaja, thovu la sopo likudontha m'manja, ndikukalipira mwamuna wanga pamaso pa bambo ake. Ndinagwada msangamsanga mpaka bondo kugunda mwala. Manyazi amene ndinamva tsiku limenelo sindinawamvepo. Kuseri kwa mpanda mwana wa aneba ankalira.

Mwamuna wanga anaika sikuludiraiva pansi pang'onopang'ono. Apa ndiye ndimati ndi munthu wabwino, chifukwa akanatha kundikalipira kuti nkhope yake isagwe.

"Batate," anatero, "ine siniziba kukonza chilichonse. Vonse vamene munamvela kumunzi, ni bamake mwana aba. Ine nimangogwililako chabe."

Ine maso anali pansi, ndinkangoona nsapato za apongozi.

"Ndimadabwa," anatero apongozi. "Iwe amene unalephera kukhoma khasu mu mpini mpaka unachoka pamudzi. Ndinkati kapena madzi a ku Lusaka amasintha munthu."

Kenaka anaimirira, ndipo ndinaganiza kuti akutenga wailesi yawo azipita. Koma ananyamula mpando, n'kuutembenuza kuti uyang'ane kukhoma, n'kukhalanso, mphuno itatsala pang'ono kukhudza malata.

"Uwauze apongozi anga kuti ine muno mulibe, ndabwerera ku Katete," anauza mwana wawo. "Alowe."

"Bakuti mungene," anatero mwamuna wanga, ngati ine ndinali kutsidya kwa msewu.

Ndinapukuta manja, n'kumanga chitenje bwino, n'kulowa chowerama. Benchi ndinaikana, ndinayala thumba pansi n'kutsitsira wailesi pamenepo. Msana wa apongozi unali pafupi moti ndikanatambasula dzanja ndikanaukhudza. Nditangoona m'kati mwa wailesimo mantha anayamba kuchepa, chifukwa m'menemo ndiye kwathu.

Zinali monga ndinaganizira. Lamba wa labala amene amazungulitsa makina anali atasungunuka ndi ukalamba, ndipo tepi inali itazengeka kambirimbiri pa kagudumu. Ndinayamba ndi kupukuta phula lija ndi thonje loviika mu sipiriti, mpaka thonje kumatuluka loyera. Kenaka ndinazungulitsa gudumu lalikulu ndi chala, pang'onopang'ono, mpaka chitsulo chomwe chinagwira kaseti chinabwerera m'malo mwake. Kachitseko kanatseguka kokha popanda wokakanula.

"Uwafunse ngati tepi ili moyo," anatero apongozi, akulankhula ndi khoma.

"Bakuti tepi ili moyo?"

"Muwauze kuti ili moyo, koma yakwinyika pang'ono," ndinayankha. Chinyanja cha m'komboni ndinachisiya panja, ndinkasankha mawu ngati ndili kumudzi.

"Bakuti ili moyo, koma..."

"Ndamva," anatero apongozi. "Ndikutanthauza kuti ndamva iweyo."

Kumasula tepi kunanditengera nthawi yaitali kuposa zonse. Ndinkaikweza ndi kamtengo ka machesi, kuzungulira kamodzi, kupuma, kuzunguliranso. Mwamuna wanga anandigwirira tochi ya foni, ndipo ntchito imeneyo amaitha bwino kwambiri. Tepi yonse itatuluka yosaduka, ndinaiyala pa bondo n'kuiwongola ndi chikhadabo, kenaka ndinalowetsa bolopeni pa bowo la kaseti n'kuikulungira m'kati. Lamba wina ndinamupeza m'chitini changa momwe ndimasungira zochotsa m'mawailesi akufa. Woyamba anali wamkulu, wachiwiri wothina, wachitatu anakhala ngati anabadwira pomwepo. Momwe mumalowa mabatire munali dzimbiri lobiriwira, ndinalikwecha ndi viniga.

Magetsi anali atazima kuyambira m'mawa, monga mwa masiku onse, choncho tinaika mabatire atsopano. Koma kaseti ya malemu sindinaiike. Ndinayamba ndaika yanga ina yakale yopanda ntchito, kuti ngati wailesi ikadali ndi njala, idye imeneyo. Munatuluka nyimbo ya magitala ya kumabala, mokweza kwambiri.

"Uwauze kuti amenewo si amako," anatero apongozi.

Mwamuna wanga anaseka mpaka tochi kugwedera, ndipo ndinaona mapewa a apongozi nawonso akugwedezeka. Ndinaisiya nyimboyo kuti ithe yonse, maso ali pa tepi. Inkayenda bwino, osatsimphina. Ndinaichotsa, n'kupukutanso manja pa chitenje, n'kuika kaseti ija. Ndinapemphera mumtima, ndipo sindikuchita manyazi kunena.

Poyamba kunamveka kusokosera chabe. Kenaka tambala analira chapatali, wina anatsokomola, mayi wina n'kunena kuti tiyeni tiyambe. Ndiye mawu aja anatuluka okha, okwera, akuthwa pang'ono, amayi enawo n'kuwalandira pansi. Ndinawazindikira nthawi yomweyo. Anali mawu omwe ankandiitana kuchokera kumunda ndikapita kumudzi ndili mtengwa watsopano. Pamalo pomwe tepi inakwinyika mawu ananjenjemera kanthawi kochepa, mtima wanga unaima, koma anadutsa n'kupitiriza.

Mwamuna wanga anazimitsa tochi n'kukhala pansi pafupi nane. Anali asanamve mawu a mayi ake chiwaikireni m'manda. Ndinkafuna kumuseka za sikuludiraiva ija, koma nditamuona nkhope ndinangomugwira bondo. Apongozi sanatembenuke. Dzanja lawo linkamenya pa ntchafu motsatira nyimbo, ndipo pakamwa pawo pankatuluka mawu apansi, osamveka bwino, oyankha pomwe amayi aja ankayankha. Ndinasangalala kwambiri, ndipo misozi inkangotsika yokha.

Mbali yonse ya kaseti inatha, batani linadumpha lokha kuti tha. Kunja wogulitsa makala ankadutsa akuitanira malonda ake.

"Mayi," anatero apongozi, "bwezani kumayambiriro."

Mwamuna wanga anapukuta mphuno, n'kutembenukira kwa ine mwachizolowezi.

"Bakuti mubweze ku..."

"Khala chete iwe," anatero apongozi, nkhope ikadali kukhoma. "Ndikulankhula ndi mwana wanga."

Batani lobwezera ndinali ndisanaliyese, ndipo sindinafune kuliyesera pa kaseti imeneyo. Ndinaitulutsa, n'kulowetsa bolopeni pa bowo, n'kuyamba kubweza ndi dzanja.