Chikhomo chimene a Swaleh sanazike

A Swaleh a ku Lirangwe anali ojambula mapulani a nyumba. Sukulu yake sanapiteko. Anaphunzira pogwirira amisiri tepi yoyezera ku Chileka, mpaka dzanja linazolowera pensulo. Chomwe anatchuka nacho ndi ichi: asanalembe mzere ndi umodzi womwe, ankapita kaye pamalopo, kuyendayenda, kenaka kuzika chikhomo cholozera kibula, kumene Asilamu amayang'ana poswali. Munthu akakhala m'chimbudzi sayenera kuyang'ana kumeneko kapena kufulatirako, ndipo nkhani imeneyi a Swaleh sankaiseweretsa. Anthu ankachita kuwaitana kuti a Chikhomo, iwo n'kumavomera monyadira.

Koma kuchedwa kwake, eee! Unkatha kuumba njerwa, kuotcha, pulani isanatuluke. Ndiye kunabwera zam'mafonizi, zongoziuza kuti ndikufuna nyumba ya zipinda zinayi, izo n'kukujambulira pompo, ndi maluwa omwe pakhonde. Anthu anayamba kulidutsa tebulo la a Swaleh pamsika ngati saliona.

"Achimwene, mukadali pa pensulo?" ankawaseka a Dyson, mmisiri womanga. "Foni yanga imamaliza nyumba tiyi asanazizire."

Mwana wa a Swaleh, Tahira, amene amaphunzira zomangamanga ku koleji m'tauni, anati ngakhale aphunzitsi awo bolodi yojambulira anaikankhira pakona. "Ababa, ingoyesani. Dzina lanu anthu akulifunabe, chimene atopa nacho n'kudikira."

Nthawi yomweyo kunabwera a Majidu, ogula chimanga a ku Chigaru. Ankafuna nyumba ya chimbudzi cham'kati, yoti ithe mwana wawo asanakwatiwe. "Ndabwera kwa inu chifukwa mumadziwa malamulo a chipembedzo," anatero. "Koma zochedwa zanu zija ayi."

A Swaleh anachita mantha kuti ntchito iyinso iwathawa. Ku Chigaru sanapiteko. Anakhala pakhonde ndi foni, Tahira akuwaonetsa podina, ndipo pulani inatuluka yokongola yoti iwo sanajambulepo chibadwire. Anakaisindikiza ku Chileka n'kulemba dzina lawo pansi. Foni sinafunse kuti kibula ili mbali iti, iwonso m'chisangalalomo sanaiuze. A Dyson ndi Mkhristu, anangomanga mmene pepala likunenera, khomo kuyang'ana kumsewu.

Anazindikira ndi mayi Safia, akazi a a Majidu. Tsiku lolowa m'nyumbamo anayala mkeka kuchipinda kuti aswali, n'kuona kuti kumene ayang'ana iwo n'komwenso chayang'ana chimbudzi chija. Anaupinda mkekawo n'kukaswalira panja.

A Majidu sanatume munthu. Anafika okha patebulo paja, msika uli wodzaza.

"A Swaleh, chikhomo chanu munazika pati? Ndachifunafuna bwalo lonse."

A Majidu anapitiriza, anthu onse akumva.

"Ndikanafuna za foni, foni ndili nayo, yoposanso yanuyo. Ine kwa inu ndinkafuna mapazi anu. Tsopano alendo a ukwati ndikawauze kuti chiyani?"

M'mawa mwake a Swaleh anakwera njinga ndi hamala pakaliyala. Atafika ku Chigaru, matayilosi atsopanotsopano a m'chimbudzi muja anawaswa okha, fumbi lili mbuu m'ndevu, a Dyson ataima pakhomo akubwereza kuti iwo anatsata pepala basi. Ndipo sankanama.

A Swaleh atabwerera kunyumba, Tahira anaiuza foni ija cholakwacho. Sinatsutse n'komwe. Inati pepani, mwanena zoona, nayi pulani ina.

"Mwaona, ababa? Yakonza."

"Yakonza, eti. Nanga Lachisanu kumzikiti ikapita ndi iyo?"

Lachisanu anapita okha. Palibe anawanyoza, salamu anapatsidwa ngati kale. Kungoti aliyense anawatchula kuti a Swaleh, dzina lina lija osamvekanso. Asilamu amene ankawadikirira moleza mtima anasiya kubwera, poti chomwe ankadikirira chija anaona kuti chikhoza kusowa. Ena aja anali atapita kalekale.

Tebulo lija lilipobe pamsika pa Lirangwe. A Swaleh anaikapo sola, amatchajira anthu mafoni, ena mwa iwo omwewo ojambula nyumba. Tahira akawauza kuti ayesenso, poti tsopano adziwa choiuza, amangopukusa mutu. Chikhomo chija mayi a kunyumba amamangirirapo mbuzi.