Kabati ya Pansi pa Sinki

Ana asukulu ankawatchula kuti a Zinki, ndipo dzinalo linawakakamira mpaka akazi awo ankawaitana nalo akakwiya. Ankaphunzitsa kemisitiri. Chaka chilichonse ankajambula pa bolodi mabotolo awiri, m'limodzi chitsulo cha zinki, m'linalo cha mkuwa, waya n'kulumikiza pamwamba. Ankati zitsulo zili ngati abale m'banja: wina wopatsa, wina wolandira. Zinki amataya maelekitironi ake mosavuta, mkuwa amangotambasula manja. Kusiyana mitima kumeneko ndiye magetsi a m'batire, ndipo wodyeka amakhala wopatsayo.

"Koma pa mayeso musakalembe za abale," ankatero. "Kalembeni mavolti."

Batire imeneyi anali asanaipangepo pamaso pa mwana aliyense. Zitsulo zake zinalipo ndithu. Zinabwera kalekale kuchokera ku likulu, limodzi ndi lamulo loti chipangizo chikasowa kapena kutha, woyankha ndi mphunzitsi. A Zinki anaona kuti njira yabwino yosamalira chinthu ndiyo kusachikhudza. Anamanga zinki ndi mkuwa mtolo umodzi, nakulunga waya zolimba kuti wakuba asasolole chimodzi, naika mtolowo m'labotale ya pasukulupo, m'kabati ya pansi pa sinki pambali pa thumba la mchere, natseka. Kiyi ankayenda naye m'jekete.

Labotaleyo inali moyo wawo. Munali mpando umene unazolowera msana wawo, ndiponso chitseko chotsekeka, chinthu chimene kunyumba, pokhala ana asanu ndi mlamu wobwera kudzacheza sabata imodzi chaka chatha, kunalibe.

Ndiye tsiku lina ahedi anasuzumira pakhomo.

"Aphunzitsi, oyendera masukulu akubwera. Akapeza kuti muno simuyesedwa kanthu, chipindachi chikhala chosungiramo madesiki othyoka."

"Madesiki othyoka amafuna sinki?"

"Safunanso mphunzitsi," ahedi anayankha, napitirira.

Woyenderayo anafika ali ndi tayi yofiira, nakhala kutsogolo, ahedi pambali pake, ana kumbuyo ataima pa mabenchi. A Zinki anagwada natsekula kabati. Fungo la chinyezi linatuluka kudzalonjera alendo. Paipi ya sinki inkadontha kuyambira liti, palibe ankadziwa. Mchere unasungunuka, mtolo uja unali m'thamanda. Mkuwa unali bwinobwino ngati mlendo wosamalidwa. Zinki anali mabowo okhaokha, ngati tsamba lodyedwa ndi mbozi, nyenyeswa zoyera zili mbwee.

A Zinki anakhala chogwada. Zitsulo ziwiri zosiyana, madzi a mchere, waya. Batire ija anaipanga okha ndi manja awo, ndipo zaka zonsezi inkagwira ntchito mumdima, iwo ali kalikiliki kuijambula ndi choko.

"Aphunzitsi, wopatsa uja wadyeka!" mtsikana wina anafuula, kalasi yonse n'kufa ndi phwete.

Woyendera anawerama. Kale ankaphunzitsa mbiri yakale, choncho zinthu zowonongeka sankazinyoza msanga.

"Chimenechi n'chiyani, aphunzitsi?"

Mayankho analipo awiri. Loyamba linali lakuti katundu wa boma wawonongeka m'manja mwa womusunga.

"Ndi kuyesa kwa nthawi yaitali, bwana," anatero a Zinki.

Zina zonse zimene anafotokoza pambuyo pake zinali zoona. Anasolola kachidutswa ka zinki ndi chitsulo chimodzi cha mkuwa, naziviika m'kapu ya madzi a m'kabatimo popanda kuzigunditsa, nalumikiza mita yoyezera mavolti. Singano inanyamuka n'kuima chapakati. Ana anakankhana kuti aone. A Zinki anayang'ana singanoyo nthawi yaitali kuposa onse, mpaka ahedi anatsokomola.

"Masukulu ena amayesa zinthu za mphindi zochepa, n'kutsuka mabotolo," anatero woyendera. "Apa pali kupirira."

"Paipiyo tikonza mawa lomwe, bwana," ahedi analonjeza.

"Mukonza chiyani? Mukufuna kusokoneza zotsatira?"

Chigamulo chinaperekedwa pomwepo. Paipi isakhudzidwe. Zitsulo zibwerere mu mtolo. Chipinda chikhalebe labotale mpaka kuyesako kudzathe, ndipo zotsatira zidzatumizidwe ku likulu.

Ahedi anadikira kuti mlendo atuluke, kenako anafunsa motsitsa mawu, "Nanga kuyesa kwanuku kudzatha liti, achimwene?"

"Zinki akadzatha."

Onse awiri anayang'ana m'kabati. Zinki wotsala sakanadzaza chikhatho. Ahedi anamwetulira, natuluka akuimba mluzu.

Poweruka, a Zinki anadzera ku sitolo ya zomangira nyumba, nafunsa misomali yokhomera malata, ija yokutidwa ndi zinki. Wogulitsa anafuna kudziwa kukula kwa denga. Anamuyankha kuti si lalikulu, koma lidzatenga nthawi. Kuyambira pamenepo, teremu iliyonse ikamatsegulidwa, amagwada pansi pa sinki n'kusomeka misomali yatsopano mu mtolo, pafupi ndi mkuwa. Madesiki othyoka aja anaunjikidwa pakhonde, ndipo likulu likudikirabe zotsatira.