Chigwada Chomaliza cha Mayi Ermelinda

A Jossias Nhamitambo anagwira ntchito padoko la Beira zaka makumi atatu ndi zinayi, kukonza makina okwezera katundu m'sitima. Ku Munhava konse, dera limene ankakhala, ankadziwika kuti chitsulo sichiwakanika. Njinga, ayironi, pampu ya pachitsime, zonse zinkachirira pakhonde pawo. Chinthu chimodzi chokha m'nyumbamo sankachikhudza: furiji. Imeneyo inali ya akazi awo, mayi Ermelinda, amene Loweruka lomaliza la mwezi uliwonse ankaizimitsa n'kutchera beseni kuti ayisi asungunuke. Awiriwa ankakangana za mchere basi. Bambowo akati wachuluka, mayiwo ankayankha asanamalize n'komwe: "Mawa muphike nokha, bambo a Lucinda."

Mayiwo anamwalira mwadzidzidzi mu Febuluwale, akuchokera kumsika. Maliro atatha, a Jossias anapeza kabakuli ka pulasitiki m'chipinda chapamwamba cha furiji, katauma gwa. Munali chigwada cha nkhanu chotendera kokonati, chimene mayiwo anaphika sabata yomweyo. Bambowo sanadye. Sanauzenso munthu, ngakhale mwana wawo Lucinda wa ku Chimoio. M'mawa uliwonse ankangotsegula, kukayang'ana, n'kutseka. Kuzimitsa furiji ndiye ayi, kabakuli kangasungunuke. Ayisi anakula mwezi ndi mwezi mpaka anakameza, n'kungotsala m'mphepete mwa chivindikiro chofiira.

Kutentha kwa Novembala kutafika, madzi akumwa anayamba kutuluka m'furijimo ali ofunda. Tomato anaola. Bambowo anayesa zonse zimene ankadziwa. Anaona pulagi. Anapotokola kabatani kozizirira mpaka pamapeto. Anaikoka kuichotsa kukhoma n'kusesa fumbi ndi akangaude kumbuyo kwake. Anapanitsa kapepala pachitseko kuti aone ngati labala wafooka, koma kapepalako kanagwira bwinobwino. Furiji inkangolira osapuma, kuzizira kulibe. Munthu amene ankamasula injini yaikulu ngati nyumba anangokhala pampando, manja pamutu.

Pomaliza anaitana mnzawo wakale, a Bulande, wokonza mafuriji ku Manga.

"Iii, madala, mwayamba kuweta phiri la ayisi?" anaseka a Bulande. "Mpweya udutsa pati pamenepa? Palibe chafa apa. Izimitseni tsiku lathunthu, mawa ikhala ngati yatsopano."

"Sindizimitsa."

"Nanga mwandiitanira chiyani? Kudzaipempherera?"

A Jossias analoza chivindikiro chofiira chija. "Anaphika ndi amake Lucinda."

Kuseka kunathera pomwepo. A Bulande anakanda m'mutu. "Ndikabwereke bokosi la ayisi kwa asodzi, tikasungiremo. Ndibwera masana. Koma chonde achimwene, manja anu oyabwawo akhale m'thumba. Makamaka mpeni, musayerekeze."

Koma ndani anauzapo makanika wokalamba kuti adikire, iye n'kumva? Mnzawoyo atangokhota pakona, a Jossias anatenga mpeni. Ankati angokumba kabakuli kokha n'kuthamangira nako m'furiji ya aneba. Anagogoda pang'onopang'ono, ndi dzanja lodziwa ntchito. Kenako kunamveka psiii! Nsonga ya mpeni inali itaboola kapaipi kobisika pansi pa ayisi, gasi akutuluka. Anatsekapo ndi chala ngati mwana wotseka mpopi. Chala chinachita dzanzi, ndipo gasiyo anapitirira mpaka kutheratu.

A Bulande atabwera ndi bokosi lawo anapeza madzi ali ponseponse, kabakuli kali patebulo. Sanakalipe. Anazula pulagi, n'kudina kabakuliko ndi chala.

"Kanayamba kufewa kalekale aka, achimwene. Nkhanu saumitsa kawiri. Mudye lero, apo ayi mawa mukataya kudzala."

Anasenza bokosi lawo n'kumapita, osatsanzika bwinobwino.

Zinawawa. Miyezi isanu ndi inayi a Jossias analondera kabakuli kameneka, ndipo mapeto ake anakaononga ndi dzanja lawo lomwe. Anakhala nako patebulo mpaka dzuwa linapendeka. Kenako anakoleza mbaula, anaphika mpunga, n'kutenthetsa chigwadacho m'kapoto ka mayiwo. Nyumba inadzaza fungo limene linasowamo kuyambira Febuluwale, moti anacheuka kuyang'ana kukhomo la kukhitchini. Anatapa supuni imodzi n'kutafuna kwa nthawi yaitali.

"Mchere wachulukanso, amake Lucinda," anatero.

Anadikira, supuni ili m'manja. M'nyumba munali zii. Ngakhale furiji inali itasiya kulira.