Shoko yatsopano pa njinga ya malemu

Achikulire a nyumba yoyandikana ndi yanga sapereka moni kwa munthu asanayang'ane njinga yake. Mlendo akafika pa njinga yamoto yoyenda pa chipale chofewa cha kwathu kozizira kuno, iwo amayamba adinikiza mpando ndi bondo, n'kutchera khutu. "Iyi msana watha," amatero. Manja awo amanjenjemera akagwira kapu ya khofi, koma akagwira sipanala amakhazikika.

Sabata yatha ndinalimba mtima n'kuwapempha kuti aone njinga ya malemu amuna anga, a Piera. Tsiku loti aliyense akasankhe mphalapala zake zoweta kukhola la kuphiri layandikira, ndipo ndikapanda kufikako, ziweto zathu zipita ndi gulu la eni ake. Ine chikhalire sindinayendetsepo njingayo, ndinkangokwera kumbuyo.

Anaipachika chakumbuyo ndi chingwe pa mtanda wa shedi, n'kugona pansi pake. Chingwe chinkalira. Anachotsa shoko, chitsulo chofewetsa mabampu chija, yomwe inkachucha mafuta, anamanga yatsopano, anathira girizi, n'kuitsitsa.

"Kwerani, mlamu."

"Ine? Yesani inuyo, bambo."

"Kodi kuphiriko ndikupita ndine? Kwerani."

Ndinakwera. Mpando sunatsike ngakhale pang'ono.

"Mwaona? Sipiling'i ikudikirabe chimimba cha Piera uja. Ikanakuponyani pa bampu yoyamba."

Anayamba kuimasula pang'onopang'ono, ine ndili pampando pomwepo, mpaka ndinamva mpando ukufewa, ukutsika nane.

Anapukuta manja osandiyang'ana.

"Basi, yakudziwani tsopano. Lizani injini."