Diso la m'khoma ku Valdenogal

Kiyi wa tchalitchi cha ku Valdenogal Herminia anamulandira kwa amayi ake, chikiyi chachitsulo chosakwana m'thumba. Tchalitchicho n'chamiyala yofiirira, chachifupi, makoma ake ochindikala, timazenera tongokwana dzanja. Khomo lake n'lokhota ngati uta, ndipo m'munsi mwa denga muli tinkhope tosema totulutsa malilime. Akuti chinamangidwa zaka mazana asanu ndi atatu zapitazo. Herminia ankati iye chomwe akudziwa n'choti chimatha matsache.

Loweruka lina akulimbana ndi akangaude kuseri kwa guwa, tsache linagunda khoma. Laimu anagumuka, ndipo pamalopo panaoneka diso lalikulu, lili tong'oo kumuyang'ana.

Anathamangira kukhola, kumene mwamuna wake Saturnino ankakama nkhosa.

"Siyani zimenezo, inu! M'khoma muli munthu!"

"Walawa vinyo wa misa eti?"

"Wolawa ndinu. Tiyeni!"

Saturnino atafika anavula chipewa n'kusuzumira. "Ili ndi diso la malemu amayi ako," anatero. "Ankandiyang'ana chonchi ndikukufunsira."

Wansembe wawo, Bambo Eutimio, ataona analetsa aliyense kukhudzapo, n'kuitana akatswiri ku mzinda. Chilimwe chonse anthuwo ankapala laimu ndi timipeni. Herminia ankawadyetsa buledi ndi tchizi kwinaku akuwakalipira za fumbi. Pang'onopang'ono munatuluka zithunzi zakale zojambulidwa pakhomapo: angelo ofiira, abusa, khanda m'chodyera ziweto. Diso lija linali la ng'ombe yoimirira pambali pa khandalo.

"Bwerezani zija munanena," anatero Herminia, manja m'chiuno.

"Ndanena chiyani ine? Ng'ombe yokongola imeneyi, yaulemu wake."

Mbiri inawanda. Mudzi umene unangotsala nkhalamba unayamba kuona magalimoto, ndipo alendo ankagogoda kwa Herminia ngakhale ali pakati podya. Iye ankadandaula za mawondo, koma wina akati amuthandize kutsegula, ankamuthamangitsa.

Chaka chotsatira mdzukulu wake Nieves, wokulira mumzinda wa Bilbao, ananena kuti ukwati wake akadalitsira kwa agogo. Anthu anadzaza mpaka panja, belu linalira mpaka adokowe a pansanja kuthawa zisa zawo. Herminia analira pang'ono m'tchalitchimo, kenako pabwalo anavina ndi Saturnino, n'kuvinanso ndi mkwati, n'kukoka ndi Bambo Eutimio omwe.