Vinyo wa Mjeremani wa ku Thamesmead

Nditamaliza maphunziro ku Greenwich n'kupeza ntchito yogawa mankhwala m'chipatala, ine ndi mkazi wanga tinakakhala ku Thamesmead, kumene basi imakufikitsa ngati uli wopirira. Kuseri kwa mafulati kuli timinda timene khansolo imabwereketsa anthu ofuna kulima. Ndinatengako kamodzi kuti ndidzale chimanga ndi maungu, poti mkazi wanga ankalira nkhwani. Kamunda koyandikana ndi kanga kanali ka mkulu wina wa ku Germany.

Mkuluyu anabwera ku London ali mnyamata n'kuyamba bizinesi yogulitsa mawindo. Ankanena kuti iye asanafike, Angelezi ankagona ndi mphepo m'nyumba osadziwa kuti ndi vuto. Mkazi wake atamwalira anagulitsa bizinesiyo, kenako anakumbukira kuti agogo ake ankalima mpesa m'mbali mwa phiri kwawo. Ku Thamesmead phiri kulibe. Ndi dambo lakalekale, ndipo mphepo ikachokera kum'mawa imabwera ndi fungo la kumalo oyeretsera madzi a m'zimbudzi. Iye zonsezo sanaziwerengere.

"Ine ndine munthu woyamba kupanga vinyo dera lino chilengedwere dziko," anandiuza tsiku lomwe tinadziwana. "Nanga inu mukudzala chiyani?"

"Chimanga, bambo."

Anapukusa mutu. "Vuto la anthu obwera ndi limeneli. Amafuna nthaka ya eni ake iwaberekere zakwawo."

Ankanena zimenezi atatsamira mpanda wa mpesa wochokera kwawo, m'Chingelezi chimene ngakhale oyendetsa basi ankamupempha kuti abwereze. Komabe tinagwirizana. Chimanga changa chinkabereka tizisononkho tonga chala, iye n'kumaseka mpaka kutsokomola. Mphesa zake zinkadyedwa ndi zinkhwe zobiriwira zimene zadzaza mu London, ndipo ankazithamangitsa ndi ambulera akuzitukwana m'Chijeremani kuti zibwerere kwawo.

Zotsala kwa zinkhwezo ankazifinya m'kashedi kake, ndipo chaka chilichonse ankaitana alimi anzake kudzalawa. Ankavala tayi. Ankalankhula nthawi yaitali za dzuwa, za dothi, ndi za anthu olimba mtima amene dziko limawaseka poyamba. Kenako ankathira m'matambula.

Ndinakula ndikudya bwemba ndi malambe, koma kuwawasa kwa vinyo uja kunali kwa mtundu wina. Kunkayambira kumano, kudutsa m'makutu, n'kukathera kumsana. Angelezi ankangoti "lovely," kenako n'kupita kukayendera maluwa, pobwera tambula ili gwa. Ine ndi mkazi wanga tinaleredwa kuti chimene wakupatsa munthu wamkulu sunyoza. Tinameza.

"Wakoma kwambiri, bambo," anatero mkazi wanga, misozi ili lengelenge.

Mkuluyo anatigwira manja tonse awiri. "Ndinadziwa. Anthu a ku Africa lilime lanu silinaonongeke."

Kuyambira pamenepo mabotolo ankatipeza pakhomo. Anadzaza kunsi kwa bedi. Mkazi wanga anatulukira kuti vinyoyo amafewetsa nyama ya mbuzi ndiponso amayeretsa ketulo.

Chaka china mng'ono wanga ankakwatira ku Lilongwe. Mjeremani uja atamva kuti tikupita, anabwera ndi mabotolo anayi atawamata mapepala atsopano. Panali chithunzi cha mtsinje wa Thames, ndi dzina loti London m'zilembo zagolide zazikulu kuposa china chilichonse.

"Mphatso ya akwati," anatero. "Mukandiuze zimene akanene."

Atatuluka, mkazi wanga anandiyang'ana. "Mukufuna ukwati wa mlamu wanga uthe usanayambe?"

Ndinawanyamula ndi maganizo oti ndikawaiwale kwinakwake. Koma titafika, amalume ndi amene anatsegula sutikesi pofuna jekete imene ndinawagulira. Amalumewa anali bwana mu ofesi ina ya boma, ndipo anapitapo ku Ulaya kamodzi kumsonkhano wa sabata imodzi, ulendo umene ankaufotokozabe ngati anabadwira komweko. Ananyamula botolo, kuwerenga zilembo zija, n'kulamula kuti vinyoyu ndi wa patebulo la akuluakulu basi.

"Amalume, ameneyu ndi wowawasa pang'ono," ndinayesa kuwachenjeza.

"Iwe wakhala kunja koma sunaphunzire kanthu," anandiyankha.

Pamadyerero anatsegula okha. Anathira pang'ono, kuzunguza tambula, kununkhiza, n'kumwa. Ndinaona khosi lawo likulimbana naye. Diso limodzi linatsinzina lokha. Tebulo lonse, mabwana ndi akazi awo, linkadikira chigamulo.

"Uyu ndiye vinyo," anatero amalume, mawu atasasa. "Zotsekemera zija n'za ana."

Basi tebulo lonse linavomereza. Bwana wina anati akumvamo kafungo ka mtengo wakale. Wina anati anamwapo wotereyu m'ndege. Azakhali anga a ku Ntcheu, amene anangopatsidwa kadontho, analavulira m'kansalu n'kufunsa ngati munagwera mandimu. Anauzidwa kuti zinthu zina zimafuna sukulu. Anthu a matebulo ena anadandaula kuti awamana, ndipo mabotolo opanda kanthuwo analimbiranidwa. Limodzi lilipobe m'kabati yagalasi kwa amalume.

Nditabwerera ndinamuonetsa mkulu uja kanema wa ukwatiwo pafoni. Sankamva Chichewa, choncho ndinamumasulira mawu onse, osawonjezera kapena kuchotsa. Anaonera kawiri, kenako anakhala pansi pa ndowa yovundikira n'kulira. Anati bambo ake anamwalira akumutcha wogulitsa magalasi, munthu wothawa nthaka.

Sabata yotsatira pakashedi panakhomedwa chikwangwani chonena kuti vinyo wa pano amatumizidwa kunja. Pamsonkhano wa alimi anapempha kuti amuwonjezere malo, ponena kuti msika wa ku Africa ukukula. Mayi wina Mngelezi, wolima kabichi, anandifunsa monong'ona ngati kwathu kuli njala yotero.

Kumudzi nako mafoni sanathe. Aliyense wokwatitsa mwana ankafuna "uja wa ku London." Anthu a kumpingo kwathu ku Wembley akamapita kumudzi ndinkawasenzetsa botolo limodzi kapena awiri, kunsi kwa bedi n'kuyamba kuoneka pansi. Ketulo yathu inayambanso kuda.

Mkuluyo anadwala sitiroko zaka zingapo zapitazo, ndipo mwana wake wamkazi anamutenga kukakhala naye kumpoto kwa mzinda. Kamunda kake anakapereka kwa banja lina lachinyamata, limene linazula mpesa wonse n'kudzala mbatata. Ndimapita kukamuona ndikapeza mpata. Amalankhula movutikira, koma funso lake ndi limodzi: ku Africa akuti bwanji? Ndimamuuza zoona, kuti amalume amanenabe kuti chiyambire pamenepo sanamwenso vinyo weniweni. Mwana wakeyo amatipatsa tiyi, n'kumandiyang'ana ngati munthu wabodza koma wachifundo.