Malo a alongo anga ku Entre Lagos

Mwana wanga wamkazi woyamba atasankhidwa kukhala mmodzi wa oyang'anira empreza, kapena kuti kampani, ina ya ku Maputo, yogula nandolo ndi soya, ndinakondwa koma mwamantha. Empreza imeneyo si ya munthu mmodzi. Magawo ake amagulitsidwa poyera kwa aliyense wofuna, ndipo eni magawowo, amene ambiri sadziwana n'komwe, amasankha anthu ochepa kuti akhale m'konselyu, ndilo bungwe lowayang'anirira chuma chawo. Zimenezi ndinazimva mosavuta, pakuti ndinaphunzirako sekondale ku Cuamba nkhondo isanakule. Koma alongo anga aakulu anamva chimodzi chokha, chakuti mwana wa m'mbumba yawo wakhala pampando.

Sindingawanene kuti anali adyera. Amuna anga atamwalira tili kothawa nkhondo ku Malawi, alongo angawa ndiwo ankapalasa njinga ndi madengu a matemba kuti mwanayo asasiye sukulu. Titabwerera kwathu, anapeza malo pafupi ndi njanji ku Entre Lagos. Tsono itamveka mbiri yakuti emprezayo ikufuna kugula malo omangapo nkhokwe yaikulu ya mbewu kufupi ndi siteshoni, iwo anaperekanso awo pamodzi ndi anthu ena, nadikira ndi mtima wokhazikika.

Nkhani inafika kwa iwo kudzera mwa kalaliki wa emprezayo amene ankabwera kudzaona malo. Anati konselyu itayamba kukamba za malowo, mwana wanga anaimirira n'kutuluka, ndipo anabwerera ena atamaliza kusankha. Anasankha malo a munthu wina, apamtunda, osafika madzi m'dzinja.

Nthawi imeneyo n'kuti mwana wanga wotsiriza atapeza mwamuna, ndipo ankhoswe akuchimuna anali atatumiza kale mawu akuti akubwera. Kwathu kuno mayi salandira ankhoswe, ngakhale bambo sawalandira. Amawalandira mwini mbumba. Alongo anga ananditumizira uthenga waufupi: popeza ana anga amatuluka m'nyumba dzina lawo likatchulidwa, adzipezere okha malume wina. Ndinadziwa kuti akapanda kubwera, akuchimuna adzabwerera osakhala pansi, ndipo mwana wosalakwa adzasenza manyazi a mkulu wake.

Ndinaimbira foni mwana wa ku Maputo uja, ndipo sindinamunyengerere.

“Kodi unatulukiranji?”

“Amayi, ndalama zogulira malowo ndi za anthu amene anatikhulupirira. Munthu akakhala ndi mbale pankhani, amanena poyera, n'kuwasiyira anzake.”

“Ndiye kuti lamulo linakutulutsa?”

Anati ayi. Lamulo la emprezayo limatchula bambo, mayi, mwamuna, ana ndi abale a bere limodzi. Malume mulibemo. Loya wawo anamuuza kuti akhoza kukhala, pakuti tiyu, monga anenera m'Chipwitikizi, ndi mbale wapatali. Iye anawayankha kuti lamulolo linalembedwa ndi anthu osadziwa za kwathu, pakuti kwa ife malume ndiye mwini wa munthu, woposa bambo, ndipo mwini malowo ndi amene anamulera. Anapempha kuti mawuwo alembedwe m'kaundula wa msonkhano, natuluka.

Usiku umenewo ndinalingalira ngati n'koyenera kuwauza alongo anga zonse. Ndinaona kuti akamva zoti mwanayo akanatha kukhala, mkwiyo wawo ukula. Komabe sindinazolowere kupita kwa mkulu wanga ndi nkhani yodula pakati. M'mawa ndinakwera njinga yamatola, ndipo ndinawapeza pakhonde akusoka thumba la nandolo. Ndinakhala pansi chapatali monga ndichitira masiku onse.

“Mwabwera kudzandiphunzitsa malamulo a ku Maputo, mayi wasekondale?”

“Ayi, achimwene. Ndabwera kuti mumve zimene mwana wanu ananena.”

Ndinafotokoza mwadongosolo, osachotsapo kanthu. Nditafika pa mawu a loya uja, anaponya singano pansi.

“Ndiye ankamulola kukhala! Mwaona kupusa kwake?”

“Ankamulola chifukwa ankati inu si kanthu kwa iye.”

“Ndani ananena zimenezo?”

“Loya wawo. Akuti malume ndi mbale wapatali.”

“Wapatali? Iyeyo analeredwa ndi mbuzi?”

Alamu anga, amene ankapeta mpunga pambali, anaseka mpaka kutsokomola. Alongo anga sanaseke. Anandifunsa kawiri ngati mwanayo ananenadi pamaso pa mabwana onse aja kuti iwo ndi oposa bambo, ndiponso ngati zinalembedwadi. Ndinati sindinaone ndi maso anga, koma mwanayo sanayambe wandinamizapo. Anatola singano, napitiriza kusoka. Patapita nthawi anati malo awo ndi abwino kuposa aja anasankhidwa, ndipo emprezayo idzazindikira mochedwa. Sindinawatsutse, ngakhale ndimadziwa kuti m'mwezi wa Febuluwale pamalopo pamalira achule. Za ankhoswe sananene kanthu, ndipo ine ndinaopa kufunsa. Ndinabwerera kunyumba osadziwa chimene ndatenga.

Tsiku la ankhoswe ndinayala mphasa pansi pa mtengo wa mango, ndinaikanso mpando umene amakhalapo alongo anga akabwera. Alendo anafika dzuwa litakwera, ndipo ndinawapatsa madzi. Mwana wanga wotsiriza anali m'nyumba, akusuzumira pazenera. Mkulu wa alendowo atayamba kuyang'ana kumsewu, tinamva belu la njinga.

Alongo anga anatsika atavala jekete lawo la maliro ndi maukwati, napereka moni kwa alendo mmodzimmodzi, osafulumira. Podutsa pamene ndinakhala anawerama pang'ono.

“Mukamuuze wa ku Maputoyo kuti sindinamukhululukire. Pa Khirisimasi abwere adzandifotokozere yekha, ndipo loya wakeyo asadzaponde pakhomo panga.”

Ndinawomba m'manja mwaulemu. Iwo anakhala pampando, nakonza jekete, nafunsa alendo chimene anadzera. Pamenepo ine ndinanyamuka kupita kuseri kwa nyumba, kumene mayi amayenera kukhala nkhani ya mwana wake ikamakambidwa.